Kompyuta Yaulesi Inandikumbitsa Mtedza ku Chiparamba

Cholinga changa chinali chabwino, anzanga, ndipo mpaka lero ndimaumirira kuti chinali chabwino. Ndinkangofuna kuti amalume ake a Enelesi aone ndi maso awo kuti ine ndimagwira ntchito. Basi! Kodi pamenepo pali tchimo?

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ine ndikuphunzitsa masamu pa sekondale ina kunja kwa tauni ya Chipata, cha ku msewu wa ku Mwami. Ndinali nditapeza mbeta, Enelesi, telala wa pamsika, mkazi woseka ndi thupi lonse, ndipo awirife tinali titamvana kalekale. Chotsala chinali mawu a mwini mbumba, a Mbewe, amene atapuma ukalaliki ku boma anabwerera kwawo ku Chiparamba kukalima. Madala amenewo anali mkulu wa mpingo, wophunzira ku mishoni, wovala tayi ngakhale popita kukaona ng'ombe kukhola. Ankhoswe anga anapalasa njinga kangapo kukapempha tsiku la chinkhoswe, koma ankabwerako ndi yankho limodzimodzi, lakuti akuganizabe.

Ndi Enelesi amene anandiuza chimene ankaganizacho. "Akuti manja anu ndi ofewa ngati buledi wa m'sitolo," anatero, singano ili pakamwa. "Akuti munthu wongokhala pampando tsiku lonse nkumagogoda mabatani adzaidyetsa chiyani mbumba yawo? Dzinja lonse lija simunaonetseko nkhope kumunda."

Zinandiwawa, chifukwa zinali zoona. Koma mmalo moti ndikabwereke khasu monga akanachitira munthu wanzeru, ine ndinati ayi, abwere adzaone okha mabatani amenewo.

Pasukulu pathu panali kompyuta imodzi yokha, ndipo makiyi a chipinda chake ndinkasunga ndine. Amene anaisiya kompyutayo ndi mzungu wina wa ku Scotland amene anadzaphunzitsa nafe kwa kanthawi, ana ankamutcha Chindevu. Munthuyo anandikonda, ndiye madzulo tikaweruka ankandiphunzitsa kulemba malangizo a kompyuta m'chiyankhulo china chimene anabwera nacho kuchokera ku yunivesite ya kwawo. Chiyankhulocho iye mwini ankachitcha chaulesi, ndipo ankanena monyadira ngati akutamanda mwana wake. Ulesi wake unali wotere: ukaiuza kompyuta kuti dzina lakuti likuimira yankho la samu yakuti, siiwerengera samuyo ayi. Imangoimanga m'kaphukusi, kulemba dzina pamwamba, nkuika pambali. Ikadzamasula ndiye kuti wina wafunsa za dzinalo. Ngati palibe wofunsa, phukusi limakhala chimangire mpaka kalekale. Choncho ukhoza kuipatsa ntchito yoti ngakhale angelo atope nayo, iyo osatekeseka, bola pasapezeke wofuna yankho. Ine nzeru imeneyi inandikomera kwambiri, chifukwa ndi mmenenso ndinkachitira ndi zovala zanga zakuda.

Koma m'chiyankhulomo munalinso manambala a mtundu wina, amene ine ndinkawatcha opanda phukusi. Amenewa ndi othamanga, poti kompyuta sitaya nthawi ndi kumasula mfundo. Tsiku lotsanzikana Chindevu anandikhazika pansi nkunditsina khutu. Anati nambala yopanda phukusi ilibe posungira lonjezo, ndiye ukangoitchula kompyuta imayenera kuipeza nthawi yomweyo, kaya pali woifuna kaya palibe. Anandionetsanso mabatani awiri oimitsira kompyuta ikalusa, nkumaliza ndi mawu akuti ndisadzayerekeze kuzula pulagi pakhoma makina akugwira ntchito, chifukwa zam'kati zikhoza kuwonongeka. Ine ndinkangoti inde, inde, maso ali pa jombo zake, poti anali atanena kuti mwina andisiyira. Mwa zonsezo ndinagwirapo za pulagi zokha, nazonso chifukwa ahedi athu anazimva nkumazibwereza pa misonkhano ya aphunzitsi, amvekere, "Wodzazula pulagi imeneyo adzakaphunzitsa komwe basi sifika."

Ndiye holide ya Epulo itangoyamba ndinawaitana a Mbewe, ndipo anavomera kubwera Loweruka. Ndinakonza kanthu kokongola zedi. Pamwamba ndinalemba samu yophatikiza manambala onse, wani kuphatikiza thuu kuphatikiza fili, osaima pena paliponse, nkuipatsa dzina loti palibe adzalifunse. Pansi pake ndinalemba kuti kompyuta ionetse pagalasi mawu akuti TAKULANDIRANI A MBEWE. Maganizo anga anali oti makina akailumpha samu ija nkuwalonjera, ine ndiimirire ndiwalalikire kuti, "Mwaona bambo? Nzeru ndi kudziwa ntchito yofunika ndi yosafunika." Mukumva? Ndinkafuna kompyuta indiyankhire mlandu wa kumunda! Sabata yonseyo ndinaiyesa, ndipo nthawi zonse moni unkatuluka bwinobwino.

Loweruka mmawa ndinalawira, ndinasesa chipinda, kupukuta galasi ndi mpango wanga, nkuyesanso. Moni unatuluka, koma ine ndinaona ngati ukuzengereza pang'ono, ngati munthu womeza malovu asanalankhule. Kunena zoona panalibe kuzengereza kulikonse, mtima wanga ndi umene unkathamanga. Koma satana wa kudzionetsera anandinong'oneza kuti, bwanji osaika manambala othamanga aja? Ndinakhala pansi, ndinasintha manambala onse a m'samu ija kukhala opanda phukusi, ndipo ndikungomaliza ndinamva belu la njinga panja. Ndinati ndiyesenso kamodzi, koma ndinaona tayi ikudutsa pawindo. Ndinangoti aaa, chimene chinagwira dzulo chilekerenji lero?

Analowa a Mbewe, Enelesi ali pambuyo atanyamula chipewa chawo. Ndinanjuta, ndinawomba m'manja, tinalonjerana mwaulemu wonse, kufunsana za kunyumba mpaka za ng'ombe. Anakhala pampando wa ahedi umene ndinabwereka popanda kupempha, anavala magalasi, nkuyang'ana kompyuta monga ayang'anira ng'ombe yogulitsa.

"Ndi imeneyi, aphunzitsi, imene ikukulepheretsani kuyendera anthu?"

"Ndi yomweyi bambo. Ndipo si kompyuta wamba ayi, imeneyi imalankhula chiyankhulo chaulesi."

Enelesi anatsinzina maso. Ine ndinawamva mawuwo akutuluka koma sindikanathanso kuwabweza m'kamwa. Inu, munthu amene akukukanizani mkazi chifukwa cha ulesi, mawu oyamba omuuza angakhale amenewo?

"Chaulesi," anabwereza a Mbewe pang'onopang'ono, ngati akulawa mankhwala.

"Ndikutanthauza kuti n'chanzeru bambo. Mukaipatsa ntchito siigwira nthawi yomweyo. Imangolonjeza kuti idzagwira ikadzafunika."

"Imalonjeza."

"Inde bambo."

"Osagwira."

"Mpaka wina atafunsa, bambo."

Anatembenuka nkumuyang'ana Enelesi, mphwawo, kenako anabwerera kwa ine. "Ndipo zimenezi ndi zimene mukuphunzitsa ana a eni? Ife kumishoni ankatiuza kuti pakadafunda padajiwitsa galu. Chabwino, tioneni ulesiwo."

Apa ndinati ndadziwombola. Ndinawafotokozera kuti ndaipatsa samu yaikulu, koma poti palibe woifuna iilumpha nkuwapatsa moni powatchula dzina. Ndinakweza chala m'mwamba ngati wotsogolera kwaya, nkudina batani.

Zii.

Pagalasi panali bii, kupatula kamzere kakang'ono ka pakona kamene kankangophethira. Ndinamwetulira. Ndinadikira. Kamzere kaja phethi, phethi. Moni kulibe. Ndinadinanso batani lomwe lija, kenako mwamphamvu, ngati kuti vuto linali loti sinamve. M'kati mwa bokosi la kompyutayo kafani koziziritsa makina kankangolira mokhulupirika. Pamenepo ndi pamene mawu a Chindevu anabwerera m'mutu mwanga onse, mpaka ndi kapindidwe ka Chinyanja chake: nambala yopanda phukusi ilibe posungira lonjezo. Mayo ine! Kompyuta sinailumphe samu ija. Inali itaivulira malaya, ikuphatikiza manambala onse a pansi pa thambo, ndipo moni wa a Mbewe unali pamzere kudikira kuti samuyo ithe kaye.

Ndinakumbukira kuti pali mabatani awiri oimitsira, koma ati? Sindinawagwiritsepo ntchito chiyambire, poti makina aulesi anali asanandithawepo. Ndinayamba kudina awiriawiri, uku ndi uko, kumanja ndi kumanzere, pamwamba ndi pansi, ngati munthu wofufuza makiyi m'matumba a eni. Pagalasi panangotuluka tizilembo topanda mutu, tina ngati mapazi a nkhuku.

"Moni wake ndi umenewo?" anafunsa a Mbewe, akuweramira pafupi. "Ndi Chisikoti?"

"Ayi bambo, ikukonzekera."

"Wailesi yanga ikachita chonchi ndimangoithimitsa nkuiyatsanso." Ndipo ndikuona ndi maso angawa, dzanja lawo linanyamuka kulunjika kukhoma, ku pulagi.

Anzanga, chimene ndinachita sindikudziwa kuti chinachokera kuti. Ndinakuwa kuti "Iyayi!" nkulumpha, nkuwagwira dzanja. Kuwagwira! Mwini mbumba, mkulu wa mpingo, munthu amene sindinkayenera ngakhale kumuyang'ana m'maso, ine ndamuti gwii pamkono ngati ndagwira mwana akuba shuga. Enelesi anagwetsa chipewa. Kafani kokha ndi kamene kankapitiriza ntchito.

A Mbewe sanakalipe. Anangotembenuza dzanja langa lija, nkulisisita pachikhatho ndi chala chawo chachikulu, chokhakhala ngati khungwa. Kenako anayang'ana kwa mphwawo.

"Ndi ofewadi," anatero.

Ndinabwerera pansi, ndinanjuta, ndinapepesa mpaka mawu anatha, ndikufotokoza za ahedi ndi malo komwe basi sifika. Iwo anangogwedeza mutu nkuloza bokosi lija.

"Tsono panopa ikuchita chiyani?"

"Ikuwerengera samu ija, bambo."

"Mmesa munati ndi yaulesi?"

"Lero... lero yakuchitirani ulemu."

Enelesi anatulutsa kaphokoso kena m'mphuno nkunamizira kutsokomola. A Mbewe anaika dzanja pabokosi, anamva kufunda kwake, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni nkhope yawo inamasuka. Anafunsa kuti samuyo ndi yotani, ine nkuwauza kuti ndi yophatikiza manambala onse.

"Onse?"

"Onse bambo."

"Ndipo imaliza?"

Apa ndi pamene panali mphambano. Ndikanatha kunena kuti ayi bambo, ndalakwitsa, siimaliza mpaka Yesu adzabwere. Koma taganizani: ndawaitanitsa madala ulendo wonse wochokera ku Chiparamba, ndawatamandira ulesi, ndawagwira mkono, ndiye pamapeto ndivomere kuti ngakhale mabatani omwewo andikanika? Ndikanatsala ndi chiyani?

"Posachedwapa, bambo."

"Basi tidikira. Kuona maso a nkhono nkudekha."

Ndipo tinadikira. Inu, musamapikisane kudikira ndi munthu amene anagwirapo ntchito ku boma! Madala anapinda miyendo, anapukuta magalasi, anafunsa za makolo anga, anasimba za mtengo wa fetereza, anawodzera pang'ono, nkudzuka maso ali pagalasi pomwepo. Ine ndinatuluka kukagula fanta ndi mabanzi, pobwera ndikupemphera njira yonse kuti magetsi athime, poti akathima okha mlandu si wanga. Ndinapeza kamzere kali phethi, phethi. Dzuwa linapendeka, mthunzi wa mtengo wa mango unafika pakhomo. Enelesi anali atasiya kuseka, tsopano ankandiyang'ana ndi maso a chisoni, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuseka kuja. Ndinaona kuti mkazi ameneyu ndikumutaya, ndipo ndikumutayira kamzere kophethira.

Pomaliza a Mbewe anaimirira nkukonza tayi.

"Aphunzitsi, makina anuwa ndawakonda. Mwawanamizira ulesi. Apatsidwa ntchito, sanafunse kuti akuifuna ndani, angoyamba, ndipo chiyambire mmawa sanapume. Akanakhala munthu bwenzi ndawapatsa Enelesi lero lomwe." Anatenga chipewa. "Tsono tichite chonchi. Poti mwati amaliza posachedwapa, tsiku limene adzamalize mudzabwere mudzandiuze yankho, ndipo tsiku lomwelo tidzatchula la chinkhoswe. Podikirapo, sukulu yatsekera, inu mulibe chochita, ine mtedza wanga wakhwima. Lolemba mubwere ndi zovala zakuntchito."

Ndinati, "Zikomo bambo." Ndinathokoza! Ndinawomba m'manja kuthokoza chigamulo chimene ine ndekha m'chipindamo ndinkadziwa kuti chilibe tsiku lothera. Walira mvula walira matope, ndinkafuna aone ntchito, ndipo anali atakonza zoiona.

Lolemba ndinapalasa njinga kupita ku Chiparamba. Munda wa a Mbewe, anzanga, sunali munda, chinali chigawo. Mtedza wa chalimbana mizere yake kukafika kutsidya kwa dambo, ukaima koyambira wakumapeto ukumuona ngati nyerere. Anandipatsa khasu la mpini watsopano, nkundionetsa kakumbidwe kake kuti ndisadule mtedza m'dothi. Dzuwa lisanafike pamutu matuza anali atatuluka, madzulo anaphulika, mmawa mwake pansi pa ophulikawo panatuluka ena. Msana unauma moti pokodza ndinkachita kutsamira mtengo. Azimayi a m'mudzimo ankadutsa dala cha kumundako popita kumadzi, amvekere, "Mwaswera bwanji aphunzitsi? Kompyuta yamaliza?" Mbiri inali itafika kale mudzi wonse, mpaka kumpingo. Tsiku lina ndinakhala pansi kuti ndipume, osadziwa kuti ndakhalira chitedze, ndipo gule amene ndinavina pamenepo anthu akumusimbabe.

A Mbewe ankakumba mzere woyandikana ndi wanga, tayi ili pakhosi, osapuma, osalankhula zambiri. Mwa apo ndi apo ankangoweramuka nkuti, "Kaya anzathu aja afika pati tsopano?" Ine nkumati, "Ayenera kuti atsala pang'ono, bambo." Bodza lija ndinkalithirira tsiku ndi tsiku ngati mbewu ya kudimba.

Loweruka lililonse ndinkabwerera kusukulu, mtima uli m'mwamba, kukasuzumira pawindo. Inu mukuwadziwa magetsi a ku Chipata a masiku amenewo, ankathima ngakhale khwangwala atangotera pawaya. Koma holide imeneyo? Anayaka ngati alumbira. Kunagwa mvula yomaliza ya mabingu, mitengo inagwa, magetsi ali ngwee. Ndinkaima pawindopo, manja ali ndi nsanza zomanga mabala, kuyang'ana kamzere kaja kakuphethira, nkumakauza kuti, "Iwe, Chindevu anati ndiwe waulesi, watani kodi?" Kangapo ndinalowa nkuima pafupi ndi pulagi, koma ndikaganiza zokaphunzitsa komwe basi sifika, kutali ndi Enelesi, dzanja linkabwerera lokha.

Tinakumba, tinayanika, tinayamba kuthothola. Enelesi ankabwera kumapeto kwa sabata kudzathandiza, ndipo tsiku lina tikuthothola pansi pa mtengo anandinong'oneza kuti, "Kodi inu, zoona zake, chinthu chija chimaliza?" Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana mulu wa mtedza, nkuti, "Thothola, mayi." Anaseka mpaka anagona chammbali.

Chimene chinandipulumutsa simungachiganize. Holide ili pafupi kutha ndinafika kusukulu nkupeza chitseko cha chipinda chija chili pululu, m'kati mukumveka mpira. Ahedi anali atatenga makiyi apadera, akhala pampando wawo uja, wailesi ili pakhutu. Soketi ya ku ofesi kwawo inali itapsa, ndiye anabwera kuno, nkuzula pulagi ya kompyuta, nkulumikiza wailesi. Ahedi omwewo, eni lamulo! Atandiona anangoti, "Aphunzitsi, mwasiya chinthuchi chikuyaka holide yonse, mukudziwa mtengo wa magetsi?" Ndinatsala pang'ono kuwakumbatira. Mpira utatha ndinailumikizanso kompyuta ija, inadandaula pang'ono, nkuyaka bwinobwino ngati palibe chinachitika.

Mmawa mwake ndinavala malaya oyera, ndinapalasa njinga ngati ndikuthawa njuchi. Ndinawapeza a Mbewe ali pakhonde, akuyang'anira anthu akukweza mtedza womaliza munkhokwe. Ndinanjuta, ndinalonjera, nkunena ndi mawu a munthu wobweretsa uthenga wabwino.

"Bambo, yamaliza."

"Oho! Tithokoze Mulungu. Yankho lake?"

Anzanga, njira yonse ija, mapiri onse aja, sindinaganizeko kuti adzafunsa yankho, chikhalirecho anali atanena poyera.

"Ndi nambala yaikulu, bambo."

"Ndikukhulupirira. Ikuyamba ndi chiyani?"

"Ndi... ndi seveni, bambo."

"Seveni. Nanga kothera?"

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka munthu akulephera kupuma, ndipo ndinadziwa kuti ndi Enelesi. Ine maso pansi, ndikuwerenga nyerere, makutu akutentha. A Mbewe anandisiya ndipse kaye pang'ono. Kenako anatambasula dzanja, nkutenga langa, nkulitembenuza. Linali lakuda, long'ambika, la zikang'a zolimba moti choko ndinkachigwira movutikira. Analiyang'ana bwinobwino nkulibweza.

"Aphunzitsi, ine masamu ndinaphunzirira pa sileti, koma ngakhale pa sileti pomwepo anatiuza kuti manambala satha. Ndinadziwa tsiku lomwe lija musanatseke pakamwa." Analoza nkhokwe ndi chibwano. "Koma mtedza umatha, ndipo watha. Kawauzeni ankhoswe anu abwere Loweruka."

Sindinadziwe kuti ndiseke, ndilire, kapena ndilowe pansi. Ndinangowomba m'manja, misozi ili m'maso, theka ya manyazi theka ya chimwemwe, uku akazi onse a pabwalopo akulululutira ngati ndapha mkango.

Chichokereni tsiku limenelo ndinalumbira, ndipo ndikulumbiranso pamaso panu: sindidzasinthanso kanthu mmawa wa tsiku la alendo, olo kakhale kakang'ono bwanji. Ndipo munthu wamkulu akadzandifunsanso kuti, "Kodi imaliza?" ndisanayankhe ndidzayamba ndafunsa kukula kwa munda wake.